Majombo a bambo Genzo

A Genzo Hatakeyama ndinawadziwa ndili mtsikana, ndipo sindinganame kuti anali munthu wosangalatsa. Ankaweta nkhono za m'nyanja ngati bambo awo, ankalankhula mawu owerengeka patsiku, ambiri mwa iwo odandaula za mphepo. Chaka chimene nyanja inakwera n'kusesa tawuni yathu, madzi anatenga akazi awo a Tokiko, nyumba ndi bwato. Chimene anatsala nacho ndi majombo oyera akuntchito amene anavala tsikulo, ndipo kuchokera pamenepo sanawavulenso.

Boma linatiika m'nyumba zongoyembekezera pabwalo la sukulu, ine khomo loyandikana ndi lawo. Khoma lake linali lopyapyala moti mnzako akatembenuka pogona unkadziwa. Ndiye ndikamati ankagona nawo majombowo, ndikunena zimene ndinkamva ndekha.

Imfa tinali titaizolowera, koma munthu kuponda mphasa atavala nsapato, ayi ndithu. Anthu amene anaika ana awo m'manda osagwetsa msozi ankapsa mtima koopsa akaona a Genzo akulowa muholo. Komiti inakhala pansi n'kugwirizana zoyala nyuzipepala kuchokera pakhomo mpaka pamene ankakonda kukhala, koma iwo ankayenda m'mbali mwake poopa kuponda nkhani anthu asanawerenge. Wansembe wa kukachisi anawamangirira mapepala apulasitiki kumapazi, mwambo wonse wokumbukira akufa n'kumangomveka tswatswa. Kosambira kwa tonse analowa mbulanda ngati aliyense, kupatula majombo, ndipo anawabweza.

Tinaseka mpaka pamene anayamba kutsimphina. Namwino ananunkhiza kamodzi n'kunena kuti m'katimo muli zilonda, ndipo zikapanda kutsukidwa phazi lidzadulidwa. Mwana wawo Noboru anabwera kuchokera kumzinda atakonza kale malo kunyumba yosungira okalamba, kutali ndi nyanja. Anati majombo akapanda kuchoka, achoka ndi bambo ake.

Apa m'pamene anatulukira mayi Oikawa, mlangizi wa anthu amene anaona zoopsa. Poyamba anandinyansa, ndinene zoona. Chilichonse ankapempha chilolezo. Ndikhale apa kapena apo? Chitseko nditseke kapena chikhale chotsegula? Tinkati tsiku lina adzapempha chilolezo kwa mpando. Ankabwera ndi gulu lina losambitsa anthu mapazi m'madzi otentha, losafunsa kanthu, longomvetsera zimene munthu angang'ung'udze mapazi akafunda. Ine ndinali wothira madzi m'mabeseni.

A Genzo anakhala pampando, n'kuviika majombo onse awiri m'beseni, maso ali psuu kudikira ndewu.

"Madziwa sakuwotcha?" anafunsa mayi Oikawa.

"Ndidziwa bwanji?"

"Zoona. Ndiwatsuke kapena angokhala?"

"Tsukani. Lakumanzereli lili ndi matope."

Mayi wophunzira bwino uja anagwada n'kutsuka majombo, kuwapukuta ndi thaulo, n'kuthokoza. Sabata yotsatira anachitanso zomwezo, mpaka masamba a mitengo anayamba kufiira. Majombo aja ankawala kuposa mbale zanga, ndipo agogo ena anayamba kubweretsa nsapato zawo, akuti bwanji pali tsankho.

Noboru mtima unamuphulika. Anasonkhanitsa amuna amphamvu ndi mayi Oikawa kuseri kwa holo, ine ndili pomwepo ndi ketulo.

"Tiwamwetsa mowa masana, inu amayi muzicheza nawo, ife tigwire miyendo. Kukoka kamodzi, basi zatha."

"Ine ayi," anatero mayi Oikawa. "Ndipo ndikupita kukawauza."

"Kukawauza? Kodi inu mumagwirira ntchito ndani?"

"Iwowo."

"Phazi likadulidwa mudzalitsukanso?"

Funsolo linali lolasa, ndipo ndinaona mayiyo atagwa nkhope. Inenso ndinali mbali ya Noboru. Koma ananyamula beseni ulendo kwa a Genzo, ine m'mbuyo ndi madzi anga.

Anagogoda, anapempha kulowa, anavula nsapato pakhomo. Kenako anawauza zonse: za mowa, za amuna aja, za zilonda, za phazi, za nyumba ya okalamba. Sanakometse ngakhale pang'ono.

"Ine sindidzakukokani majombo, kaya muli maso kaya mwagona," anatero. "Koma sindikunamizani kuti palibe vuto. Mayi Kanno atuluke?" Apa ankanena ine.

"Asiyeni. Akatuluka akamvetsera pakhoma."

Madzi m'beseni anali atayamba kuzizira.

"Ndiye kuti kamnyamatako kakufuna kundigulira mowa," anatero a Genzo. "Chiyambire sikanandigulirepo."

Palibe anaseka, ndipo iwo anapitiriza akuyang'ana khoma.

"Tsiku lija ndinathamanga kuchokera kudoko kukatenga mayi ake a Noboru. Ndinafika pakhomo madzi asanafike. Iwo anali kuchipinda cham'kati, akulongedza zithunzi. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinakhala pansi kuvula majombo. Zaka zonse zija akundikalipira, musandilowere ndi fungo la nkhono m'nyumba mwanga, manja anangopita okha. Lakumanja linachoka, lakumanzere linakana. Ndikulimbana nalo choncho, khoma la madzi linabwera. Anandipeza padenga la eni ake, jombo lina kuphazi, lina ndalikumbatira."

Ndinayembekeza kuti mayi Oikawa anena zimene tonse tikananena, kuti sinali vuto lanu, madzi aja palibe akanawathawa. Sananene. Ine misozi inali ikugwera m'ketulo, ndipo ndinakwiya naye chifukwa cha chete ameneyo.

"Pakhomo ndi pamene pamavuta?" anafunsa pamapeto pake.

"Ndikangowerama pakhomo ndimamva madzi."

"Nanga pano, pakati pa chipinda?"

A Genzo anayang'ana mphasa ngati awauza kuti akodzerepo. Munthu wamkulu kuvulira nsapato m'kati mwa nyumba! Koma anawerama okha, n'kugwira lakumanzere. Mayi Oikawa anapinda manja kumbuyo kuti awaone kuti sakuthandiza. Jombo linachoka pang'onopang'ono limodzi ndi khungu lina, ndipo fungo lake sindilifotokoza chifukwa mwina mukudya. Ndinathamanga kukaitana namwino, n'kukumana ndi Noboru panjira atanyamula botolo lake.

Titabwerera tinapeza mapazi onse awiri ali m'beseni, oyera ngati nsomba yophika, majombo ataimikidwa bwinobwino pamphasa. Namwino anati phazi lipulumuka. Noboru anaima pakhomo, wavula nsapato imodzi, osadziwa kuti alowe kapena ayi. Bambo ake sanamuyang'ane. Maso awo anali pamatope amene majombo anasiya pamphasa.

"Ndikanangolowa nawo tsiku lija," anatero. "Bwenzi a Tokiko akundikalipira mpaka lero."