Mayina Asanu ndi Anayi a Bashi Chomba

A Lameki Kapembwa, amene Mufulira yonse inkawaitana Bashi Chomba, kutanthauza bambo a Chomba, anapita kunkhondo ya ku Burma n'kubwerako osawombera ngakhale mpheta. Ntchito yawo inali yonyamula ovulala pa machira. Atabwerako analondera pageti la mgodi mpaka imvi, za kunkhondo osazitchula, chifukwa asilikali anzawo akale ankawaseka kuti anawoloka nyanja kukabereka anthu kumbuyo ngati mlezi.

Mu 1975 mwana wawo Chomba, wa tsitsi losadziwa chipeso ndi gitala wolira ngati chigayo, anapeka nyimbo ya roko yowatamanda. Pofuna kukometsa, anawapatsa mfuti m'nyimbomo n'kuwaphetsa adani khumi. Nkhalamba zija, asilikali anzawo akale, zinawadikirira Bashi Chomba pamsika.

"Tipatseni moni, a ngwazi. Mfutiyo munkaibisa m'bulangeti?"

Bashi Chomba manyazi anawagwira. Anakapeza mwanayo akuyeserera ndi anzake, nazula chingwe cha magetsi.

"Iwe, wandiveka malaya a eni. Ndivule."

"Ba Tata, nyimbo ya machira angavine ndani?"

"Asavine. Tenga cholembera."

Anatchula mayina asanu ndi anayi, anthu amene anawatulutsa m'matope ali amoyo, aliyense ndi kwawo. Zaka makumi atatu zinali zitadutsa, koma sanaiwale ndi limodzi lomwe.

Loweruka masana holo ya mgodi inadzaza. Bashi Chomba anaima pafupi ndi chitseko kuti anthu akayamba kuseka atuluke msanga. Magitala anabangula, Chomba n'kuyamba kukuwa mayina aja limodzilimodzi. Achinyamata anasiya kuvina n'kumayang'anana. Chomba atafika pa dzina la Saimoni Mulenshi wa ku Kawambwa, namwino wina wachitsikana anakwera pabenchi.

"Amenewo ndi bambo anga! Ali moyo, amayenda ndi mwendo umodzi. Anawanyamula ndani? Ndimuone, chifukwa popanda iyeyo ine sindikanabadwa."

Chomba analoza kuchitseko. Anyamata a mumgodi sanapemphe chilolezo. Anawakhazika mkuluyo pabenchi n'kuinyamula m'mwamba, holo yonse ikubwereza mayina aja, ng'oma zikugunda. Amene ananyamula anthu nkhondo yonse, tsiku limenelo ananyamulidwa. Anasangalala mpaka misozi, koma ntchito ankaidziwa ndi iwo, ndipo anagogoda pamutu mnyamata wakutsogolo.

"Musaponde pamodzi, ana inu. Wakutsogolo mwendo wamanzere, wakumbuyo wamanja. Munthu sanyamulidwa ngati thumba la makala."