Mabenchi Opanda Anthu ku Matema

Mayi oyandikana nafe ku Matema amayendetsa kabungwe kophunzitsa amayi amasiye kusoka. Tepi yoyezera siichoka m'khosi mwawo, ngakhale kutchalitchi. Ukawafunsa pulano ya bungwe lawo, amangoti, “Tikukonzekera tsiku limene sitidzafunikanso.”

Mwezi watha opereka thandizo anatuma bambo wina kudzaona ngati ntchitoyi ikuyenera kupitirira. Anapeza mabenchi okhaokha, mayiwo akusesa uku akuimba.

“Mayi, nanga ophunzira anu ali kuti?” anafunsa nkhope itagwa.

“Ali ku Moatize, bambo, akusokera anyamata okumba malasha. Ndinawaitana, koma onse akuti alibe nthawi yocheza ndi ine.”

Atatero anaseka mpaka misozi. Sindinaonepo mphunzitsi wonyadira chonchi kuthawidwa ndi ophunzira ake.