Chikwangwani cha Mfuti Chinanditsekera Bala

Bala yanga ndinaitseka ndekha ndi chikwangwani chimene palibe lamulo linandiuza kuti ndikhome. Ndikuulula izi kuti wina asadzapuse ngati ine.

Ndinali ndi kabala ku Tottenham, mumzinda wa London. Makasitomala anali akwathu omwe: achikulire amene anathawa kumudzi kalekale pa nkhani za ndale, ndi anyamata a ku Zimbabwe akaweruka kuntchito. Loweruka masana amayi a kutchalitchi ankabwereka chipinda chakumbuyo pa maphwando a ubatizo. Ndewu sitinkaidziwa.

Kenako kunabwera mlamu wanga wokhala ku America, munthu wake uja wodziwa zonse. Atangoyang'ana pakhomo anapukusa mutu.

"Mlamu, chikwangwani choletsa mfuti chili kuti? Kwathu bala yopanda chimenecho amaitchaja faini."

America ankaitchula kuti kwathu, iye wobadwira ku Mzimba.

Inu owerenga, kuno ku Britain munthu wamba saloledwa n'komwe kukhala ndi mfuti ya m'manja, kaya mu bala kaya m'basi. Zimenezo ndinkazidziwa, koma ndinati kuchenjera sikulakwika. Kukhonsolo sindinafunse. Ndinakasindikiza chikwangwani chachikulu, mfuti yakuda yodulidwa ndi mzere wofiira. Posowa malo, ndinachotsa pakhoma pepala la laisensi, lomwe lamulo la kuno limati lizionekera, n'kuliponya m'dirowa.

Loweruka lotsatira a Gondwe, mkulu wa mpingo, anafika ndi zidzukulu zawo kuphwando. Anaima pakhomo n'kuyang'anitsitsa.

"Mwana wanga, ndiye kuti muno mumalowa anthu a mfuti?"

Ndinayamba kufotokoza za ku America. Iwo anangoti chabwino, n'kutembenuka ndi ana aja. Phwando linakachitikira kuholo ya tchalitchi.

Aneba nawo anajambula chikwangwanicho n'kukadandaula kukhonsolo. Kunabwera wapolisi ndi mayi woona za malaisensi. Anandifunsa kuti ndaonapo anthu angati a mfuti mu bala yanga. Ndinati palibe. Anafunsa kuti nanga laisensi ili kuti. Ndinatsegula dirowa manyazi atandigwira. Anandichenjeza, ndipo chikwangwani ndinachizula tsiku lomwelo.

Koma mbiri inali itapita kale. Kuyambira ku Tottenham mpaka ku Peckham anthu ankangoti "bala ya mfuti ija." Amayi a kutchalitchi aja sanabwererenso, achikulire anapeza kwina kokhala, ndipo chaka chisanathe ndinabweza makiyi kwa mwini nyumba. Zinandiwawa kwambiri, ndipo zimandiwawabe. Mlamu uja anangonditumizira uthenga woti London ndi yovuta.

Inu amene muli ndi malo ogulitsa mowa, lamulo la dziko lina musamalikhome pakhoma panu. Pitani kukhonsolo mukafunse zoyenera kukhoma, zinazo zisiyeni. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndithu. Zaka zonse zimene ndinagulitsa mowa, mfuti imene inafikapo pa bala yanga ndi imodzi yokha, ya pachikwangwani ija, ndipo ndinabwera nayo ndine.