Chithunzi Chopanda Mphini

Ine sinditaya pepala. Ndinagwira ukalaliki kumgodi kuno ku Kitwe mpaka kupuma ntchito, ndipo chizolowezicho ndinabwera nacho kunyumba. Ana amandiseka kuti ndikusungabe lisiti la wailesi imene inafa kalekale. Aziseka. Pakati pa mapepala angawo pali katoni ya mapulogalamu a maliro, aja amagawa kutchalitchi, okhala ndi chithunzi cha womwalira patsogolo.

Akazi anga atayamba kudwala matenda amene anadzawatenga, tsiku lina anandipempha katoniyo. Anaona mapepalawo limodzilimodzi ali pampando. Mnzawo wa m'kwaya anamuika chithunzi cha pachitupa, maso ali tong'o ngati wagwidwa ndi apolisi. Bambo wina amene tinagwira naye ntchito anamudula pachithunzi cha ukwati wa eni ake, phewa la munthu wina likuonekera pambali, botolo lili m'manja. Zimenezi zimandikwiyitsa mpaka lero. Munthu wakhala moyo wake wonse, walera ana, ndiye tsiku lomaliza achibale n'kumathamangathamanga m'mafoni kufunafuna nkhope yake.

Atatseka katoniyo anati, "Bambo, ine musadzandichite chonchi. Ndikufuna chithunzi changa ndidakali wooneka, ndichivomere ndekha."

Wojambula tinamupeza pafupi. Anali mwana wa mayi wina wa m'kagulu kathu ka akhristu a m'dera lino, bambo wa ana ake kale, wokhala ku Ipusukilo. Makolo ake anachokera kummawa ngati ife, koma iye anabadwira kuno, ndipo Chinyanja chake chinali chosakaniza ndi Chibemba. Ntchito itamuthera kwa kontilakita wina wa kumgodi, anagula kamera n'kuyamba kudzilemba yekha ntchito.

Popeza analibe bwana, anadziikira malamulo ake, ndipo ankawasunga ngati anachita kulumbira. Ankajambula m'mawa basi, kupatula maukwati. Masana ankazimitsa foni n'kukhala pakompyuta kukonza zithunzi malaiti asanapite. Lolemba linali tsiku lake: ankayenda mumsika wa ku Ipusukilo kujambula ogulitsa makala ndi owotcherera zitsulo, popanda womutuma. Ankati akapanda kutero maso ake amagona, chifukwa kumaukwati a ku Nkana East aliyense amaima mofanana, dzanja m'chiuno. Za foni yozimitsazo ine zinandinyansa. Ndinamuuza kuti sindinaonepo bizinesi yothawa makasitomala. Iye anangoseka n'kunena kuti akamayankha foni iliyonse, palibe chithunzi chimene angamalize. Koma akati afika naini awazi, ankafikadi naini awazi, ndipo pa chimenecho ndinamupatsa ulemu.

Ulendo woyamba anabwera wopanda kamera. Limenelonso linali lamulo. Anamwa tiyi, anayang'ana pakhonde ndi mbali imene dzuwa limalowera, nafunsa akazi anga nthawi imene amamva mphamvu. Iwo anati m'mawa, akamwa mankhwala. Tsiku lotsatira anavala bulauzi yoyera, chitenje cha kutchalitchi ndi duku, ndipo iye anawakhazika pakhonde, kufupi ndi mtengo wa mapeyala, uja timati kotapeya. Sanawauze kuti amwetulire. Anawafunsa za kumudzi kwawo cha ku Katete, ndipo iwo anayamba kufotokoza mmene anafikira ku Kitwe pasitima, osadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chibemba. Anaseka kwambiri tsiku limenelo. Ine ndinaima pakhomo n'kumaona, ndipo mtima unakhala pansi.

Chithunzicho anadzabwera nacho patapita masiku, mu envelopu yaikulu. Chinali chokongola, sindikana. Nkhope yosalala, yowala. Akazi anga anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi ameneyu ndi wokongola. Kodi ndi ndani?"

Ndinavala magalasi, ndipo ndinaona chimene anaona. Akazi anga anali ndi mphini, timizere ting'onoting'ono m'masaya onse awiri ndi pakati pa nsidze, timene azakhali awo anawatema atatha msinkhu. Kwathu masiku amenewo kunali kukongoletsa namwali, ndipo amayi a m'dera limodzi ankadziwana nazo. Pachithunzicho panalibe ndi kamodzi komwe.

Wojambula uja anasowa poyang'ana. Anati, "Ba mayo, ine ndimaganiza kuti ndi zipsera. Aliyense amandiuza kuti ndichotse. Ziphuphu, makwinya, zonse. Ndikasiya amandibwezera."

"Zipsera?" anatero akazi anga, osakweza mawu. "Mwana wanga, zimenezi ndinazilirira tsiku lonse kuti ndikhale nazo. Anthu akwathu akadzabwera adzati taika munthu wina."

Ine ndinati nkhaniyo ndi yaing'ono, angobweretsa chithunzi choyamba chija asanachikonze. Apa ndiye anagwetsa nkhope. Anafotokoza kuti Loweruka lililonse amafafaniza zonse za m'kakhadi ka mu kamera ndi zonse zosakonza za pakompyuta, n'kusunga zomalizidwa zokha. Kompyuta yake inali yakale, yosachedwa kudzaza, komanso ankakonda kuyamba sabata alibe zotsalira. Loweruka linali litadutsa.

Ndinakwiya, ndipo sindinabise. Ndinamuuza kuti muofesi iliyonse imene ndinagwiramo, pepala loyamba silitayidwa. Ukhoza kulemba lina, ukhoza kukonza, koma loyambalo umaliika pambali, chifukwa tsiku lina wina adzafunsa. Mpaka lero ndikuti pamenepo analakwa. Iye sanatsutse. Anangoti akhoza kuzibwezeretsa mphinizo pakompyuta, akaziona bwino pankhope pawo. Akazi anga anaseka mpaka kutsokomola, nati mphini zojambula ndi makina sazifuna, chifukwa azakhali awo analibe kompyuta.

Panatsala kujambulanso. Koma masiku amene anadutsawo anali atatenga zambiri. Akazi anga anali ataonda, masaya atalowa, ndipo kukhala tsonga kunali kovuta. Mwana wathu wamkazi, amene amakhala ku Kanini ku Ndola, anabwera kudzadwazika, ndipo ataona chithunzi chosalalacho anachikonda. Anati tiwasiye amayi apume, chithunzi chilipo kale, ndipo anthu adzawakumbuka ali okongola. Anandinena kuti ndine wouma mtima pa zinthu zazing'ono. Ndinamuyankha kuti si ine ndikufuna. Anapita kukawafunsa yekha kuchipinda, ndipo atatuluka anavomera kuti ajambulidwenso.

Kuyambira pamenepo wojambula uja anayamba kubwera m'mawa uliwonse, ngakhale Lolemba. Foni anasiya kuzimitsa, nati ndimuimbire nthawi iliyonse akazi anga akadzuka ndi mphamvu. Ntchito ina ya phwando la mkwatibwi ku Nkana East anaipereka kwa mnzake. Ankakhala pakhonde, kamera ili m'chikwama, kudikira. Masiku ambiri ankabwerera osaitulutsa, chifukwa odwala sanathe kudzuka.

Poyamba sindinkamulankhula kwambiri. Ndinkangomupatsa tiyi. Koma anthu awiri sangakhale pakhonde limodzi m'mawa uliwonse osatsegula pakamwa. Anandiuza kuti chovuta pa ntchito yodzilemba wekha si kusowa makasitomala kokha. Kumgodi belu linkamuuza nthawi yoyamba ndi yoweruka, ndipo akalakwitsa kapitawo ankamukalipira pomwepo. Tsopano palibe womudzutsa, palibenso womuuza kuti apa walakwa, mpaka chithunzi chitafika m'manja mwa mwini wake. Miyezi yoyamba, anati, ankangogona mpaka masana, n'kumadziuza kuti akuganiza. Malamulo akewo ndi amene anamuchotsa pabedi. Ndinamumvetsa. Nanenso nditapuma ntchito ndinkavala taye m'mawa n'kukhala patebulo kusanja mapepala, kuopa kuti tsiku lingandithere m'manja. Komabe ndinamuuza kuti lamulo la Loweruka lija alisiye. Anati walisiya kale, ndipo akufunafuna kachipangizo kosungiramo zithunzi zoyamba.

M'mawa wina akazi anga anaitana mwana wathu nati awaveke. Anawaveka bulauzi ija, imene tsopano inali yaikulu, nawamanga duku. Pakhonde sakanatha kufika. Wojambula analowa kuchipinda atapempha chilolezo, nasuntha mpando kuuika pafupi ndi zenera, kuti kuwala kubwere cham'mbali. Anati kukatero mphini zimaoneka bwino. Tinawanyamula ine ndi mwana wathu n'kuwakhazika. Sipanakhale nkhani za kumudzi ulendo uno, mpweya unali wochepa. Akazi anga anangoyang'ana kamera, mutu uli chilili. Iye anajambula kangapo n'kusiya.

Anali ndi lamulo linanso, loti saonetsa munthu chithunzi asanachikonze. Tsiku limenelo anagwada pambali pa mpando n'kutembenuza kamera kuti aone. Akazi anga anayang'ana, nati, "Usakhudze kalikonse."

"Ngakhale pang'ono, ba mayo?"

"Ngakhale khwinya limodzi."

Wojambula uja anapita m'tauni yekha kukachitsukitsa, ndipo anabwera nacho masana omwewo. Tinawadzutsa pang'ono n'kuwatsamiritsa pamapilo. Pachithunzicho panali mayi wodwala, palibe akanakana. Maso anali atalowa, khosi litatsala mitsempha. Koma timizere tonse tinalipo, m'masaya ndi pakati pa nsidze, ndipo ankayang'ana mmene ankandiyang'anira ndikachedwa kubwera kunyumba.

Akazi anga anachigwira ndi manja awiri, kenako anayendetsa chala patsaya la pachithunzipo.

"Waonda mayiyu," anatero. "Koma ndine."

Anachipereka kwa mwana wathu, amene anali akulira mwakachetechete, namuuza kuti chimenecho ndicho adzaike papulogalamu ya maliro, ndipo chokongola chija akachipachike kwake ku Kanini ngati akuchifuna. Kenako anatembenukira kwa wojambula, amene anali chiimire pakhomo la chipinda, namuuza kuti azipita, akwatibwi akumusowa. Atatero anatipempha kuti tiwagoneke.