Manja a Ababa pa Chiwongolero

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, ababa atangobwerako ku migodi ya ku Joni ndi kagalimoto ka pikapu kakale koyera. Ankanyamulira alimi kachewere kuchokera ku Tsangano kukatula pa Nsipe, ndipo Loweruka ankanditenga.

Ku migodiko anabwerako ndi manja onjenjemera pang'ono chifukwa cha makina oboolera miyala. Nkhani imeneyi sankaifuna n'komwe. Tiyi ankamwera kuseri kwa nyumba kuti tisaone kapu ikugwedera.

Loweruka lina titalowa mumsewu wa tala, galimoto itangoyamba kuthamanga, chiwongolero chinayamba kunjenjemera. Ababa anachigwira zolimba mpaka misempha inatumphuka. Kenaka anaima pambali, nazimitsa injini, n'kuika manja pamaondo. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Manjawa andithera, Esinati," anatero motsitsa mawu. "Ndisanaphe mwana wa munthu, galimotoyi ndiisiye. Amako usawauze kaye."

Ndinali ndisanawaonepo ababa ali ndi mantha. Kwathu mwana satsutsa kholo, koma ine ndinali wopanda nsapato, ndipo mapazi anga anali pachitsulo chopondapo m'galimotomo.

"Ababa, si manja anu ayi. Kumapazi kwanga kunonso kumanjenjemera. Tikagwa m'dzenje, tayala la mbali yanga ino limalira kuti gu gu."

Ababa anagwiranso chiwongolero. Analiza galimoto, ndipo tinayenda ngati tanyamula mazira mpaka pa Nsipe, pamene a Ndau, makaniko, ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango. A Ndau anakweza kutsogolo ndi jeke, nagwira tayala mbali zonse ziwiri n'kuligwedeza. Linagwedera ngati dzino lofuna kuzuka.

"Achimwene, gwadani muike dzanja apa," anatero.

Ababa anagwada m'fumbi lonunkha oyilo, nakhudza kachitsulo kolumikiza tayala ndi chiwongolero. A Ndau anati dzina lake ndi tayirodi. Labala yake inali itang'ambika, girisi atauma, mchenga utadya mkati. Anatisonyezanso tayala litadyeka mbali imodzi yokha.

"Kakanathothoka muli pa liwiro, bwenzi tikukamba zina."

Ababa anaseka, chiseko chimene ndinali nditachiiwala, koma m'maso munali misozi. A Ndau anasintha kachitsuloko, ndipo pobwerera chiwongolero chinali phee. Titafika kunyumba, ababa anawafotokozera okha amayi zonse, ndi za manja zomwe. Sabata yotsatira anapita limodzi kuchipatala ku boma.

Manjawo sanachire kwenikweni, koma adokotala anawalola kuyendetsa, ndipo anayendetsadi mpaka ine kumaliza sekondale.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndazindikira kuti munthu amene wabisa chomuwawa amayamba kudziimba mlandu pa chilichonse chimene chalakwika pafupi naye. Ababa anatsala pang'ono kutaya ntchito yawo asanagwade n'komwe kusuzumira pansi pa galimoto. N'chifukwa chake mwana wanga akati, "Amayi, si choncho," ndimasiya chimene ndikuchita, n'kumumvetsera.