Dzina la Faldie Arendse

Faldie Arendse anali wa ku Hout Bay, doko la pafupi ndi Cape Town, mwana wa msodzi. Ndinagwira naye ntchito ku Antakitika zaka zambiri, ine wokonza mathirakitala, iye woboola ayezi. Nyanja za kumeneko n'zovindikiridwa ndi ayezi wokhuthala, ndipo ofufuza tizilombo sangafike pamadzi popanda munthu ngati Faldie. Anali wamfupi, wolongolola, wokonda nsomba yamchere ya sinuku. Mkazi wake anamwalira osamusiyira mwana, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima ngakhale ankaziseka.

Chaka china tinapita ndi Dokotala Zoleka Ntloko, mayi wofufuza mabakiteriya okonda kuzizira. Faldie anaboola ayezi wa nyanja ina, mayiwo anatunga madzi m'mabotolo owiritsidwa bwino, tinabwerera ku Cape Town. Tizilombo timeneti timakula mochedwa. Patapita miyezi, m'kambale kena kolereramo tizilombo mufiriji munaoneka timadontho tachikasu. Dokotala anatiitana.

"Boeta Faldie, kachilombo aka kakuoneka kachilendo," anatero, Boeta kutanthauza achimwene. "Zikatsimikizika, ndikatcha arendsei, dzina lanu. Likalowa m'mabuku silifufutika."

Faldie anavula chipewa pamaso pa kambale. Sabata isanathe doko lonse linali litamva.

"Ndabereka, anyamata!" ankatero.

"Mwana wanji wofuna galasi kuti timuone?" asodzi ankamuseka. "Watengera bambo ake ufupi!"

"Sekani. Anu aja akungokudyerani chakudya, wanga akupita m'mabuku a dziko lonse."

Koma dzina silipatsidwa chifukwa cha chikondi. Kachilombo amakayesa: kamadya chiyani, kamafa pakatentha bwanji, abale ake ndani. Apa Dokotala anadabwa. Kameneka kankakonda mchere kwambiri, pomwe madzi a nyanja ija analibe mchere. Anafunsa tonse amene tinali pachiboo ngati china chake chinakhudza mabotolo. Tonse tinakana, ndi Faldie yemwe.

M'mawa mwake anabwera ku galaja kwanga, n'kukhala pa tayala.

"Iwe, tsiku lija ndinali ndi sinuku m'thumba," anatero. "Ndinanyema ndili chivalire magolovesi. Kenako chingwe chinaterereka, ndinawakha botolo chapakamwa."

"Ndiye?"

"Palibe anaona."

"Unaona iwe," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mtima wako ndi sipanala, m'bale wanga."

Anapita yekha kukanena. Dokotala sanakalipe. Anamutuma kukagula nsomba komwe anagula ija, naipala khungu, naika mufiriji. Timadontho tomwe tija tinamera. Atayerekeza ndi tizilombo ta nsomba, anapeza kuti kameneka ena anakatcha dzina kalekale. Ntchito ya chaka chonse inapita pachabe, ndipo pepala limene analemba analing'amba.

Padoko nkhani inafika msanga. "Mwana uja ndi wa eni ake!" ankakuwa. Ena ankamufunsa ngati mayi wa mwanayo ndi sinuku. Faldie ankaseka nawo, koma anasiya kukhala pagulu.

Chilimwe chotsatira Dokotala anamuitananso, iye anakana. Anapita woboola wina. M'nyanja yomweyo munapezeka kachilombo kena, kachilendo zenizeni, kopirira mayeso onse. Mayiwo anakwera basi mpaka kunyumba kwa Faldie, ine ndili pomwepo.

"Boeta, nyanja ija munaitsegula ndinu poyamba. Ndipo mukanakhala chete, ine ndikanachita manyazi pamaso pa anzanga onse. Ndiloleni ndikatche dzina lanu."

"Ayi, Dokotala. Dzina la chifundo sindilifuna."

"Si chifundo."

"Chiboo chimenecho sindinaboole ine. Imwani tiyi, akuzizira."

Ndinamuuza pamaso pa mlendoyo kuti kumeneko n'kunyada, osati chilungamo. Dokotala anadikira mwezi, kenako kachilomboko anakatcha dzina la nyanja.

Faldie sanapondenso pa ayezi. Anakalamba akukonza injini za mabwato, mawondo atatupa. Anthu amati anaiwala, koma si zoona. Nditapita kukamuona akudwala, mlongo wake atatuluka m'chipinda, Faldie anandikoka malaya.

"Kena kaja, unakaonapo?"

"Ayi."

"Sukudziwa kuti n'kamtundu wanji? Kofiira kapena koyera?"

Ndinamuuza kuti sindikudziwa, pakuti sindinkadziwadi.

"Ndikanangovomera," anatero, natembenukira kukhoma.