Phada wa Amayi ku Mulunguzi

Senderani kuno ana inu, mafoniwo ayambe apuma. Kulira kwa miyala ya phada imene akusewera anzanu pabwalopo kwandikumbutsa amayi anga.

Bambo atapita ku Joni osabwerako, amayi ankatilera ndi nkhuni za kuphiri. Tikamatsika, ankatula mtolo m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, pamene pankanunkhira paini wonyowa, n'kukumba kadzenje. Ankaponya mwala m'mwamba, dzanja n'kukokolola ina pansi, osayankhula ndi munthu. Ine ndinkayesa akuombeza kuti bambo abwere, ndiye ndinkagwada phee, kuopa kuthawitsa mizimu.

Anaphiri, mnzawo wa kutchalitchi, atatipeza tsiku lina anaganiza chimodzimodzi. Nkhani inafika kwa akulu a mpingo, ndipo anagamula kuti amayi asiye, apo ayi adulidwa.

Amayi anapita kukaonekera miyala ili kumpheto kwa chitenje.

"Abusa, ula wanga ndi uwu," anatero, n'kukhala pansi kuyamba kusewera. "Mutu ukatentha ndimakauziziritsira kumtsinje, kuti ndisafike nawo pa ana. Kundidula ndiduleni, koma phada sindisiya."

"Mayi wamkulu ngati inu, manyazi mulibe?" anatero Anaphiri.

"Khalani apa ndikudyeni, ngati dzanja mukadali nalo."

Abusa anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, mlandu n'kuthera pomwepo.

Anaphiri anadzasanduka mnzawo wa phada mpaka maso anawakana. Bambo tinangomva kuti anakwatira konko. Amayi anamwalira ali mu mpingo, ife tonse tili ndi mabanja athu, ndipo dzanja lawo, ngakhale linali lachangu chotero, silinatimenyepo mbama.